Dzenje Limene Ndinasenzera Mkamwini Wanga

Amene akuti munthu sangasenze dzenje pamutu aimike dzanja ndimuone. Iwe wa kabazawe, waseka mpaka tchipisi chakutulukira m'mphuno, ika kaye botolo lakolo pansi undiyang'ane m'maso. Unalipo iwe? Ngati ukuti ndikunama, liza njinga yakoyo pompano, uchoke pa Goliati pano upite kumudzi kwa akazi anga kuseri kwa esiteti, ukafunse aliyense, ngakhale mbuzi, kuti a Belu anachita chiyani chaka chija nandolo anabereka mpaka kuthyola nthambi. Ine Layisoni ndakalamba ndi dengu la tiyi kumsana, ndipo bodza sindilidziwa, chifukwa nthawi imene anzanga ankaliphunzira ine ndinali kumunda. Khalani pansi, amwene, makasitomala sathawa.

Muyambe mwadziwa chifukwa chake amanditchula Belu. Mimba yangayi, imene mukuiona yaphwa bwinobwino ngati ya mnyamata, sinaphonyepo nthawi chibadwire changa. Kukangoti mbee kum'mawa ine ndadzuka, ndamwa madzi chikho chodzaza, ndawongola msana, uyo kuseri. Ndiye chitseko cha chimbudzi chathu n'cha lata, chimalira kuti kweee, moti mlonda wa pa esiteti anasiya kalekale kuyang'ana wotchi, amangotchera khutu, akamva kweee ndiye amamenya belu loti anthu adzuke akathyole tiyi. Atambala a mudzi wonse amadikira ine. Amanijala amakonzera wotchi yawo pa ine. Mukumva? Tsiku lina mayi a Feluna, akazi anga amenewo, anatopa ndi phokoso n'kuthira mafuta pa mahinjesi osandiuza, ine ndinalowa ndi kutuluka mwakachetechete, ndiye belu silinalire, atambala anangoyang'anana, dzuwa linasuzumira kuseri kwa phiri, litaona kuti a Belu sanamveke linabwerera, esiteti yonse inagona tulo tiwiri tolumikiza, ndipo tiyi anakula osathyoledwa moti titadzuka tinkamuthyola titakwera makwerero. Kapitawo anabwera yekha kwathu ndi mchenga m'manja kudzathira pa mahinjesi aja kuti ayambenso kulira.

Ndipo musaganize kuti ndi zitsamba. Onani mikono iyi, mphini mulibe. Chinsinsi chake n'chapafupi, n'chifukwa chake anthu amachipeputsa. Ine ufa woyera ndimadyera pa ukwati basi, pakhomo panga ndi mgaiwa, ndiwo zake nandolo, khobwe, chigwada, nkhwani, bonongwe, therere. Papaya lakupsa sindilidutsa, peyala sindilidutsa, nthochi za kuno kwathu zikandiona zimapsa zokha ndi ulemu. Chakudya ndimatafuna mpaka chipepese. Madzi ndimamwa ndisanamve ludzu, moti kamtsinje ka kumunsi kwa munda umene ndinkathyola kanaphwa, nkhanu zinasamuka ndi ana awo. Miyendo iyi yakwera ndi kutsika mizere ya tiyi mpaka chitunda china chinafupika. Koma lamulo lalikulu kuposa onsewo ndi ili: mimba ikagogoda, tsekula. Usaiuze kuti dikira ndimalize kaye. Mimba ili ndi mtima wa mlendo, ukaisiya panja kawiri katatu imanyanyala, ndipo ikanyanyala udzaipempha chogwada. Anzanga ambiri nthawi ya dzinja, masamba akachuluka, ankadzimana madzi kuti asachoke pamzere dengu lisanadzaze, kenako n'kumayenda ngati ameza mwala. Ine ndinkatula dengu pomwepo, kupita, kubwera wopepuka, n'kuwapitirira onse.

Tsopano mvetserani nkhani yeniyeni. Ine ndili ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, Feluna, amene ndinamulera ngati dzira. Atakula kunabwera mnyamata wa ku Bvumbwe dzina lake Dayitoni, dalaivala wa thirakitala yonyamula masamba a tiyi kupita nawo ku fakitale, n'kumufunsira. Ankhoswe anakumana, nkhuku zinadyedwa, mnyamata anamanga nyumba yake pafupi ndi yathu monga mwa chikamwini, poti kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Inenso pamudzi paja ndine wobwera, ngakhale imvi zamerera pomwepo. Dayitoni anali munthu, amwene. Samwa, samenya, nkhuni amawaza akuimba nyimbo za kwaya, denga la apongozi ake anafolera asanauzidwe. Feluna ankamukonda moti akamva thirakitala ikulira kumtunda, ndiwo zinkapserera iye ali kumsewu kusuzumira. Vuto la mnyamatayo linali limodzi lokha, ulemu unamuchulukira.

Inu ana a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi anu, kuwakweza panjinga atakugwirani m'chiuno, mpaka kujambulitsa nawo pafoni. Kwathu si choncho. Mkamwini ndi mayi a mkazi wake sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, akakumana panjira mmodzi amapatuka, moni amapatsana chakumbali. Dayitoni mwambo umenewu anauthira mchere wambiri. Tsiku lina atakumana ndi mayi a Feluna pa kanjira ka m'tiyi, anadumphira m'mizere n'kukwawa pansi pa tiyi osadzutsa mutu mpaka anakatulukira ku Makwasa, anabwerako pa minibasi. Ndiye taonani mmene pakhomo pathu panakhalira. Chimbudzi chili chakumunsi, kanjira kopita kumeneko ndi kamodzi, ndipo kamadutsa pamaso penipeni pa khonde lathu, pamene mayi a Feluna amayala mphasa yawo kusanayere bwino. Mayi amenewo akhala pamalo pamenepo chikwatirane chathu, akusenda nandolo, akupeta, akuponyera moni wa Chilomwe aliyense wodutsa mumsewu, "Mosheliwa? Mukupita kuti? Mwanyamula chiyani?", mpaka pansi panalowa mkati mofanana ndi iwo. Mvula imawapeza pomwepo, chiperoni chimawapeza pomwepo. Chaka china chivomezi chinagwedeza mudzi wonse, ife tonse kuthawira pabwalo, iwo anangoti, "Ndani akukankha mphasayu?"

Mkamwini wanga akadzuka m'mawa mimba inkagogoda monga imachitira kwa munthu aliyense. Iye n'kutuluka, kufika pa nthochi zimene zili pakati pa nyumba yake ndi yathu, kusuzumira, apongozi ali pomwepo. Adutse pamaso pawo ndi kachitini ka madzi m'manja, iwo adziwe kumene akupita, amve ndi kweee wa chitseko chija, mudzi wonse ndi mlonda yemwe adziwe? Bola imfa. Ankabwerera n'kuiuza mimba kuti tikaonana kuntchito, koma akafika kuntchito mimba yanyanyala kale, yakhoma chitseko. Ndiye poopa kuti ingagogodenso nthawi yolakwika, anasiya kumwa madzi, anasiya ndiwo zamasamba, nkhomaliro yake inali buledi woyera ndi botolo la zotsekemera ngati lakolo, tsiku lonse ali khale pampando wa thirakitala, mapazi osaponda dothi. Akulu anati manyazi anapha lambe. Ine lambeyo sindinamuone, koma Dayitoni ndinamuona ndi maso angawa.

Anadzimbidwa kuyambira nandolo ali maluwa mpaka tinayamba kudya wamuwisi. Mimba inauma gwa, lamba anatha mabowo, buluku anayamba kumanga ndi chingwe cha ngolo, ndipo akakwera thirakitala matayala akumbuyo ankamira m'dothi, akutsogolo ali m'mwamba ngati mbuzi yofuna masamba a mumtengo, moti ankayendetsa akuyang'ana mitambo, njira ankachita kufunsa akhwangwala; tsiku lina anangotsamira pang'ono pa sikelo yoyezera masamba, muvi wake unazungulira, kuzungulira, n'kuthyoka, n'kuuluka, anakautola ana asukulu ku Bvumbwe. Mukumva? Nkhope inachita tsinya, nyimbo zinatha, munthu wofatsa uja anayamba kukalipira nkhuku. Koma choopsa chinali chakuti anasiya kudya chakudya cha mkazi wake. Feluna aphe nkhuku, iye kungonyema kamodzi n'kusamba m'manja. Aphike mpunga wa nyemba, iye, ndakhuta. Adye aike pati? Munalibe malo, amwene, ngakhale a njere ya therere.

Tsono inu mukudziwa tanthauzo la mwamuna wokana mbale ya mkazi wake. Amayi a m'mudzi kumjigo anaweruza mlandu m'mawa umodzi: akudya kwina ameneyo, taonani mimbayo, alipo akumunenepetsa kwawo ku Bvumbwe. Feluna akamufunsa, iye n'kusintha nkhani, nanga akanauza bwanji mkazi kuti vuto ndi mayi ako? Mwana wanga anawonda, maso anatupa. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini akulira, mbale yosakhudzidwa ili pamiyendo, n'kundifunsa kuti, "Ababa, kuphika kwanga kwaipa liti?" Ndikukuuzani mosabisa, mtima wanga unapweteka. Atsibweni ake a Feluna, a Wisikesi, mlongo wa akazi anga, munthu wosachedwa kupsa mtima, anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, n'kutumiza mawu kwa ankhoswe akuchimuna kuti abwere Loweruka la sabata yamawa adzatenge munthu wawo ndi chikwama chake. Ine bambo wobereka pa mlandu wotere ndilibe mawu, ndimangokhala kumbali ngati mpando wobwereka. Koma maso palibe anandilanda.

M'mawa mwake ndikutuluka kuseri kuja, belu likulira kumtunda, ndinaona mutu ukusuzumira pa nthochi n'kubwerera. Nditapita kukaona ndinapeza kuti kuchokera pakhomo pa Dayitoni kufika pa nthochipo pakumbika ngalande yofika m'chiuno, ya mapazi a munthu mmodzi wopita ndi kubwerera, koma kupitirira nthochizo udzu uli chiimire wosapondedwa. Ndinayang'ana ngalande, ndinayang'ana khonde, ndinayang'ana akazi anga ali pamphasa ndi lichero lawo, basi mlandu wonse ndinauona. Masana ndinakamudikira pamlatho. Thirakitala inkatsika chitunda mabuleki atalephera kulemera kwake, ndinaiimika ndi dzanja lamanzere poti lamanja linali ndi nzimbe, n'kumutsitsa.

"A Dayitoni, kuseri munapita liti?"

Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala chakuphazi. "Bambo, amayi amakhala pakhonde."

"Ndiye banja lithe chifukwa cha khonde?"

"Feluna ndimamufuna, bambo. Koma kudutsa pamaso pa amayi, ayi ndithu sindingathe. Chonde musawauze. Akadziwa, ine ndithawira ku Mozambiki."

Ndinagogoda mimbayo ndi mpini wa khasu, mpini unagawika pakati, ndipo kulira kwake kunamveka patali moti amayi a mvano anayamba kusonkhana kutchalitchi poyesa aitanidwa. Ndinamufunsa ngati waona magazi, ngati akusanza, ngati mimba ikupota mosalekeza, chifukwa zikafika pamenepo sipafunika a Belu, pamafunika chipatala, ndipo ndikanamuika paphewa n'kuthamanga naye mpaka ku Makwasa. Anati ayi, zimenezo palibe. Ndinati basi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma poti inu chitsekocho mukuchiopa, ndikutsekulirani ndine, ndipo kwa amayi sinditchula kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinamuika pa sukulu yanga. Botolo lija ndinalanda n'kumupatsa chigubu cha madzi, azimwa podzuka, pofika kuntchito, akatsitsa masamba, pobwerera, mpaka nkhanu zija zimene zinali zitabwerera mwakale zinamanganso katundu. Buledi ndinapatsa nkhuku. Popita kuntchito ndi pobwera ankayenda wapansi nane kukwera chitunda, thirakitala ikutitsata yokha m'mbuyo ngati galu, ikafika pamphambano inkaima kutidikira. Masana tinkakhala awiri pansi pa bulugamu, ine ndi kathumba kanga. Malo m'mimbamo anali ochepa, ndiye tinkalowetsa monyengerera: lero papaya lakupsa, mawa peyala ndi nthochi, mkuja phala la mgaiwa, kenako chigwada chotendera, kenako therere loti njira iziterera, kenako makaka a chinangwa ndi nandolo, pang'onopang'ono, chifukwa munthu amene mimba yake inaiwala nyemba ukamuthira mphika wonse tsiku limodzi umaphulitsa mudzi. Akafuna kumeza msanga ndinkamugwira dzanja, tafunani a Dayitoni, m'mimba mulibe mano. Kalongonda, nyemba ya kwathu ija, ndinamusungira kumapeto, amene ndinaphika ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi n'kuthira ena monga anatiphunzitsira makolo athu ochokera kutsidya, poti kalongonda wophikidwa mwaulesi amakuvinitsa tchopa wopanda ng'oma.

Nkhondo ina inali ya khonde, ndipo imeneyo ndinkamenya ndekha mwakabisira. Ndinakhoma mpando watsopano wa mkungudza n'kuuika kuseri kwa nyumba, ndati amayi, dzuwa la uku n'labwino pa mawondo anuwo. Iwo anaunyamula n'kubwera nawo pakhonde kuti aziikapo lichero. Ndinasonkha moto wa masamba aawisi ndi tsabola kuti utsi uwasamutse, mudzi wonse unatsokomola, mbuzi zinalira misozi, iwo anati utsi umenewu wanditsekula mphuno, wonjezerani. Ndinawauza kuti mng'ono wawo ku Makwasa akudwala akuwafuna, anati abwere adzadwalire pano. Kuthira mafuta pa mahinjesi kuti mwina mnyamata adutse chozemba, esiteti ikanagonanso, kapitawo akanandimanga. Ine amene ndinagwetsapo ng'ombe yolusa ndi chibakera chimodzi, mayi mmodzi wa pamphasa anandithetsa nzeru.

Koma sukulu yanga inagwira, amwene. Pofika Lachisanu mimba ija inayamba kuyankhula, inkagunda moti amayi ankathamanga kukanula ufa ndi zovala poyesa mvula, agalu analowa pansi pa nkhokwe, mafoni a m'mudzi anataya netiweki. Katundu yense anali atafika pachipata, chongosowa ndi njira. Loweruka kunacha ndi chiperoni. Ankhoswe a ku Bvumbwe anafika pa minibasi yoyamba, a Wisikesi anayala mipando pansi pa mango, Feluna ali m'nyumba kumanga zovala za mwamuna wake m'chitenje akulira, Dayitoni ali pa nthochi paja thukuta kamukamu, miyendo yapiringizana, maso ali pa ine ngati mwana wofuna kunyamulidwa. Nanga pakhonde? Mayi a Feluna ali pamphasa, lichero pamiyendo, lero avala ndi duku watsopano chifukwa kuli alendo.

Kuwauza sindikanatha, ndinali nditalonjeza. Kukumba chimbudzi china nthawi panalibe. Tchire kwathu kulibe, mbali zonse ndi tiyi wa eni ake wofika m'chiuno, munthu akanjuta mutu umaonekera ku fakitale. Ndinadzifunsa kuti, Layisoni, mwana wako akulira iwe waima ngati chitsa, kodi dzenje lili ndi mizu ingati?

Ndinavula malaya, ndinalavulira m'manja, ndinatsikira kumunsi. Kanyumba ka chimbudzi kaja ndinakanyamula kaye ndi chitseko chake chomwe n'kukapanira m'khwapa. Kenako ndinagwada, kugwira milomo ya dzenje uku ndi uku, kuligwedeza monga timachitira ndi chinangwa cha m'dothi louma, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, mpaka linayamba kulira kuti tswa tswa. Ndinakoka koyamba linakana, ndinamwa madzi, ndinakoka kachiwiri msana unalira moti pa Goliati pano anthu anatseka mashopu, ndinaluma mano n'kukoka kachitatu, linazuka lonse lathunthu kuti fwaa, lalitali ngati bulugamu, ndipo pamene linachoka panatsala dothi lolimba losalala loti mungavinepo. Mukumva? Ndinapota nkhata ya masamba a nthochi n'kulisenza pamutu choimiritsa kuti lisatayikire, ndipo ndikuuzeni, amwene, palibe katundu wovuta ngati dzenje, chifukwa ukangolipendeketsa pang'ono chilichonse chimagweramo: munagwera nkhuku ya aneba ndi anapiye ake, munagwera chipewa cha nkhoswe wina wa ku Bvumbwe, chiperoni chonse cha m'mawa umenewo chinatsanukiramo, khwangwala amene ankadutsa pamwamba sanaonekenso mpaka Lachiwiri. Ndinazungulira nalo kuseri kwa khola, kudutsa m'munda wa chinangwa, mapazi akumira mpaka m'mawondo, khosi likufupika, ine ndikungoti Feluna, Feluna, Feluna, mpaka ndinafika kuseri kwa nyumba ya mkamwini kumene khonde silionekera. Ndinalitula, kulizika, kulipondaponda m'mbali, kuvuula nkhuku ija ndi anapiye ake, kuvundikira kanyumba kake pamwamba.

"A Dayitoni, lowani. Amayi sakuona."

Zimene zinachitika mkatimo ndi za eni ake, ine ndine munthu wa mpingo. Ndingonena zimene anaona anthu onse. Chitseko chinati kweee, mlonda anamenya belu kachiwiri tsiku limodzi, anthu amene anali kale m'minda anabwerera kunyumba kukadzukanso, kenako dziko linagwedezeka, mapeyala onse a m'mudzi anagwa okha, okhwima ndi anthete omwe, mitambo inang'ambika pakati, phiri la Mulanje linaoneka pafupi moti tinkaona anyani akuthawa atabereka ana, ndipo a Wisikesi amene anali atangoimirira kuti atsekule mlandu anapezeka ali pansi pa mpando. Kenako bata. Chitseko chinatinso kweee, n'kutuluka munthu wina, wowala nkhope, chingwe cha ngolo chija chili m'mapazi, wopepuka moti kamphepo kanayamba kumunyamula, ndinachita kumugwira mwendo ali pamsinkhu wa denga n'kumuika miyala m'matumba. Anasamba m'manja ndi sopo, anandiyang'ana, anati, "Bambo, ndili ndi njala."

Tinafika pa mango paja a Wisikesi atadzisasa fumbi, akunena kuti munthu uyu wanyoza mwana wathu, mbale yake saikhudza, akudya kwina, lero apite akadye bwino komweko. Asanamalize, Feluna anatuluka ndi chakudya cha alendo, poti ngakhale banja likutha mlendo sabwerera ndi njala. Anagwada, anaika mbale patsogolo pa ankhoswe, mwamuna wake osamuyang'ana n'komwe. Dayitoni, munthu wa ulemu uja, sanadikire pemphero. Anakoka mbale ya nkhoswe wake woyamba, anamaliza, ya wachiwiri, anamaliza, ya a Wisikesi enieniwo, anamaliza, mgaiwa, nandolo, nkhwani wotendera, akutafuna bwinobwino monga ndinamuphunzitsira, misozi ikutsika m'masaya, kenako anatembenuka n'kuti, "Feluna, kuphika kwako ndinakusowa. Zatsalako?" Mwana wanga anayang'ana mbale zoyera mbee, anayang'ana mimba yaphwa ija, anayamba kuseka akulira, n'kuthamangira kukhitchini chitenje chikukwekwereka. A Wisikesi anayang'ana mbale yawo yopanda kanthu nthawi yaitali, anakanda mutu, anati, "Kodi paja mlandu wake unali uti?" Ankhoswe anabwerera ku Bvumbwe ndi njala, wina wopanda chipewa, koma munthu wawo anamusiya. Ine ndinali kumbali pa malo anga a mpando wobwereka, mtima uli myaa, ndipo sindinasangalalepo chotero chibadwire changa.

Lero mukamuona Dayitoni akudutsa ndi thirakitala, muyang'ane pambali pa mpando, mupeza chigubu cha madzi ndi papaya. Kuntchito amapita wapansi. Mwana wawo woyamba anabadwa nandolo wina asanakhwime, anamutcha Layisoni, ndipo anabadwa nthawi yeniyeni ya belu.

Tsono alipo anthu akaduka amene amati, nanga bwanji chimbudzicho chili pomwe chinali kale? Ndinalibweza madzulo ake, nanga! Malo ndi a akazi anga, mkamwini asamakule mwendo, ndikanasiya bwanji dzenje la eni ake pamene sanaliike? Sabata yotsatira tinakumba lina la Dayitoni kuseri kwa nthochi, lopanda chitseko cha lata. Ndipo iwe wa kabazawe, ukakafika kwathu mayi a Feluna akakuuza zawo. Iwo nkhani yonse anaimva patapita zaka kuchokera kwa mwana wawo, ndiye amati palibe dzenje limene linasenzedwa. Amati m'mawa umenewo ndinangofika pakhonde n'kukuwa kuti pansi pa mphasa palowa njoka, iwo n'kudumpha, ine n'kukokera mphasa kuseri kwa nyumba kumene kanjira sikaonekera, n'kuwachedwetsa kumeneko ndi kufunafuna njokayo mpaka chitseko chinalira kawiri. Amatero akuseka mpaka kutsokomola.

Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Koma inu amene mumawadziwa mayi amenewo, mayi amene utsi wa tsabola unawalephera, chivomezi chinawalephera, tandiuzani chilungamo: kuzula dzenje ndi kuchotsa mayi a Feluna pakhonde, chovuta n'chiti? Ine ndikamanena za dzenje ndiye kuti ndikudzichepetsa.

Tandithirira madzi m'kapumo, iwe wa kabazawe. Iwenso umwe. Nkhope yakoyo ndaiona kuyambira pamene unafika, uli ndi apongozi pakhonde iwe.